Pepala Lachinayi la Ababa Cipriano

Lichinga, Bairu Chiuaula
9 de Agosto de 1987

Mwana wanga Venâncio,

Ndine bambo ako Cipriano. Ndikulankhula ine, akulemba ndi mlongo wako Brígida. Ndamuuza kuti alembe mmene ndikuneneramu, asakometse, chifukwa uphunzitsi wakewu wamulowa m'mutu, akufuna azikonza ndi mawu anga omwe.

Uli bwanji kumeneko ku Tashikenti? Ife kuno tadzuka. Amako Guilhermina ali bwino, kupatula bondo lija. Kuzizira kwa chaka chino kwatikwapula, m'mawa udzu wa pabwalo la ndege umachita kuyera.

Ntchito ndi yomwe ija: kutchetcha udzu m'mbali mwa pista, msewu woterapo ndege uja, kuthamangitsa mbuzi, kukankha makwerero ndege ikatera. Sitima ya ku Cuamba tinaiwala kulira kwake. Pamsewu amayenda ndi a koluna okha, magalimoto kutsatana asilikali ali patsogolo, ndipo ena sabwerako. Ndiye mchere, sopo, makalata, zonse zikuchokera kumwamba. Anthu amene ankandiseka kuti ndine mbusa wa ndege lero amandipatsa moni kawiri, kufuna ndiwauze ngati yamveka.

Tsopano tamvera. Salumu, mnzanga wonyamula katundu uja, anamva pa wailesi kuti a ku Rusiya amatumiza anthu kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo, amakhalako miyezi, kenako amabwerera n'kudzatera m'chipululu cha kufupi ndi kwanuko. Takangana mlungu wathunthu. Iye akuti chombocho chimangogwa ngati papaya. Ine ndikuti bodza. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pa pista, sindinaonepo chinthu chotera chopanda matayala. Ukapeza mpata ukaone, undiuze. Usafunse aphunzitsi ako ayi, ndikufuna maso ako.

Nkhani ina si yabwino. Felisberto wa a Rosário, uja anali kusukulu ku Cuba, anamulembera kuti amake amwalira. Anasiya sukulu kutatsala miyezi isanu kuti adzalire. Kuno sanafike n'komwe. Ku Nampula anamupeza alibe pepala la sukulu, anamutenga kunkhondo, ndipo chaka chatha osamveka. A Rosário anaika maliro amodzi, pano akudikira achiwiri. Ndikukuuza dala. Zaka zitatu zatsalazo uzimalize. Kaya kumveke chiyani, usadzatere kuno wopanda diploma. Dziko likusowa okumba zitsime, munthu wa pepala la madzi samugwiritsa mfuti.

Ukapeza singano za makina osokera a amako utumize, yomaliza inathyoka pa Pasaka.

Ndadinda chala changa chachikulu m'munsimu, chija cha chipsera cha chikwakwa, kuti udziwe kuti Brígida sanapeke.

Bambo ako,
Cipriano

Achimwene, ndine Brígida. Zoti uphunzitsi wandilowa m'mutu ndalemba chifukwa anali atandiima pamsana. Kuwerenga sadziwa, koma amawerengera mizere.

Tashikenti
22 de Novembro de 1987

Ababa,

Kalata yanu yayenda miyezi iwiri ndi theka. Yafika itanyowa ngodya imodzi, koma chala chanu chili bwinobwino. Ndakondwa kumva kuti nonse muli moyo. Mundiperekere moni kwa Amayi, bondolo aziliotcha ndi nsalu yofunda. Kwa Brígida, mphunzitsi wa dziko lonse, moni wapadera.

Ine ndili bwino. Kuzizira kwa ku Lichinga kumene timadzitama nako n'kwa ana. Kuno chipale chayamba kugwa, ndipo ndikatuluka panja makutu sindiwamva kuti alipo.

Anzanga a m'chipinda, wina wa ku Etiyopiya wina wa ku Vietinamu, amapempha kuona chala chanu kalata ikangofika. Ndinawauza kuti mzere woyera wodutsa pakatiwo, wopindika kunsonga, ndi pista ya ku Lichinga, ndipo bambo anga ndiwo eni ake. Ndinawauzanso kuti ndege iliyonse ikagunda pansi mumavula chipewa n'kunena kuti, "Yafika yamoyo." Tsopano wa ku Vietinamu amanena mawu amenewo basi ikafika pa siteji. Makalata anu onse ndimasunga m'sutikesi, pansi pa malaya a kutchalitchi.

Za matayala, musamulonjeze kanthu Salumu panopa. Pa televizau amangoonetsa amunawo atatera kale, akumwetulira, maluwa ali m'manja. Pansi pa chombo saonetsapo. Malo ake ndi kutali, ndipo alendo ngati ife sitingangopitako. Koma ndamva kuti chaka cha 1989 adzatitumiza m'chipululu kukaphunzira kuboola zitsime za nkhosa. Mwina Mulungu adzandiika pafupi.

Za Felisberto zandipweteka, tinkasewera naye mpira kuseri kwa tchalitchi. Mawu anu ndamva. Koma Ababa, inunso musandibise kanthu. Ndikakhala osamva chilichonse ndimaganiza zoipa kuposa zimene zilipo.

Singano ndapatsira mnyamata wina amene akubwerera ku Maputo, adzaziponya ku koreyu, ku positi ya kumeneko.

Mwana wanu,
Venâncio

Lichinga
20 de Março de 1988

Amalume Nazário,

Moni kwa inu ndi onse ku Cuamba. Ndikudziwa kuti uthenga wa maliro unakupezani koma njira panalibe. Palibe akukudandaulani. Ndikulemba kuti mumve mmene zinayendera, komanso chinthu china chimene ndasenza ndekha.

Lachiwiri, pa 1 mwezi uno, Ababa anapalasa njinga kupita kumashamba athu ku Chimbonila kukakumba mbatata. Ndege inali itatha milungu itatu osabwera, m'nyumba munalibe chodyera. Pobwerera anadzera kanjira kachidule ka kudambo. Panali mina, bomba lokwirira lija. Amene anakwirira sitikumudziwa. Anthu anawanyamula pachitseko mpaka pamsewu, ndipo anakhala masiku awiri m'chipatala.

Tsiku lachiwiri mutu wawo unali bwinobwino. Anandituma kuti nding'ambe mapepala anayi m'kope langa la kusukulu. Inki panalibe, ndiye anaviika chala m'mankhwala a violeta aja opaka pazilonda, n'kudinda m'munsi mwa pepala lililonse, lopanda mawu. Anati, "Atatuwa uzilemba wekha, umadziwa mmene ndimalankhulira. Venâncio asamve mpaka atatera ndi diploma yake." Pa lachinayi ananena mawu okha ine ndikulemba, n'kundiuza kuti ndidzam'patse pa pista tsiku lobwera.

Ndinati, "Ababa, mukundisandutsa wabodza."

Anati, "Ndikukusandutsa mlongo wa munthu wamoyo. Puputa chala changachi, amako asaone."

Amayi anaona ndithu, ndipo anavomera. Amalira, koma anavomera.

Kalata yoyamba ndalemba kale. Yanditengera masiku atatu. Ndathokoza singano m'mawu a munthu amene ndinamuthira dothi ndi dzanja langa lomweli. Ndikakhala pansi kuti ndiganize mmene akananenera, ndimawamva akuseka, ndiye ndimadzuka n'kutuluka panja.

Amalume, inu ndinu mwini mbumba. Ndiuzeni ngati ndikulakwa. Koma chonde, kaya mundidzudzule bwanji, musawalembere achimwene.

Mwana wa mlongo wanu,
Brígida

Cuamba
2 de Maio de 1988

Brígida,

Ndalandira. Pepa mwana wanga, pepa ndithu. Uwagwire mtima amako.

Wafunsa, ndiye ndikuyankha. Ukulakwa, ndipo alamu anga analakwa, Mulungu awalandire. Tonse tinameta. Ine ndameta kuno ngakhale sindinaone manda. Mwana wawo wamwamuna yekha ndiye akuyenda ndi tsitsi, akuseka, akudya, ngati kwawo kulibe maliro. Kwathu zimenezo sizichitika.

Koma Felisberto ndinamuona ndi maso angawa chaka chatha, akudutsa pano pagalimoto ya asilikali, atavala nsapato zosiyana. Ndinamuitana dzina, anangondiyang'ana. Chifukwa cha zimenezo ndatseka pakamwa.

Funso langa ndi limodzi. Mapepala ndi atatu, zaka zatsala ziwiri. Akatha udzatani?

Kuno kwatentha ndi nkhondo. Koluna ikapezeka ndibwera kudzakhala nanu.

Malume ako,
Nazário

Tashikenti
11 de Dezembro de 1988

Ababa,

Moni kwa inu, Amayi, Brígida ndi Amalume amene ndamva kuti afika bwino. Ine ndili bwino, mayeso ndakhoza onse, kupatula limodzi la mapampu limene ndinadutsira pakhoma.

Chaka chino makalata anu afika atatu okha, ndipo ndabwera ndi mlandu. Ababa, mwasiya kundinyoza. Kalata ya Outubro munalemba kuti "ulimbikire maphunziro, pakuti maphunziro ndi tsogolo." Inu? Mawu amenewo akununkha choko. Mwagonja kodi, Brígida wayamba kukukonzani? Mulandeni cholemberacho mum'patse Salumu. Komanso chala chanu chasanduka mtundu wa maluwa a jakaranda. Brígida akuti inki inatha mu Lichinga monse. Ndakutumizirani kabotolo kamodzi, mubwerere ku mtundu wanu.

Chimene chandidabwitsa kwambiri n'chakuti makalata atatu onse simunatchule za matayala. Mwamaliza mkangano popanda ine? Musatero, chifukwa nkhani yabwino ndi iyi: mwezi wa Abril tikupita m'chipululu cha Kazakistau, miyezi inayi, ndipo dalaivala wathu akuti kumene tikupitako n'kumene zombo zimagwera.

Ndiuzeni za pista. Mbuzi ya a Rosário ija ikadalowabe? Bondo la Amayi lili bwanji?

Mwana wanu,
Venâncio

Lichinga
12 de Fevereiro de 1989

Mwana wanga Venâncio,

Ndine bambo ako. Tadzuka bwino, kaya iwe. Inki yafika, zikomo.

Wati ndasiya kukunyoza. Nanga ndikunyoze chiyani munthu wodutsira pakhoma mayeso a mapampu? Udzatikumbira zitsime zotuluka fumbi.

Za matayala sindinaiwale. Salumu akadali pa papaya wake. Ukaone, ulembe zonse, usasiye kanthu. Mbuzi ya a Rosário inadyedwa pa Natali, tsiku la Khirisimasi. Mvula ikugwa bwino. Amako akuti uzivala zofunda.

Usaiwale zimene ndinakuuza: usatere kuno wopanda diploma.

Ndadinda chala.

Bambo ako,
Cipriano

Kampu ya okumba zitsime, m'chipululu
30 de Abril de 1989

Ababa,

Ndaona ndi maso anga, monga munanenera. Ndilemba zonse, sindisiya kanthu.

Kuno kulibe mtengo ngakhale umodzi. Mukaima pakati, dziko limangopita mbali zonse mpaka maso atope. Pansi ndi dothi louma ndi tizitsamba totuwa tonunkha ngati mankhwala, ndipo mwezi uno mwamera timaluwa tofiira apa ndi apo. Munthu wa chikwakwa kuno angafe ndi ulesi. Nditangofika ndinati, malo onsewa ndi pista.

Lachinayi m'mawa tinali titayamba kale kuboola pamene a Serik, dalaivala wathu, bambo wachikulire wa konkuno, anazimitsa makina n'kuloza kumwamba. Tinamva kugunda kawiri, kwakuya, ngati chitseko chachitsulo chamenyetsedwa kutali. Kenako maelikopitala anatulukira, akuzungulira ngati akabawi. A Serik anati, "Kwera." Tinathamanga osatsata msewu, chifukwa msewu kulibe, mpaka asilikali anatiimitsa pakachitunda. Tinakwera pamwamba pagalimoto, iwo n'kundibwereka magalasi awo oonera patali.

Poyamba kanali kadontho. Kenako ndinaona nsalu yaikulu yotambasuka ngati ambulera, ya mizere yoyera ndi yofiirira, yokwanira kuphimba tchalitchi chathu. Pansi pake, pa zingwe, pakulendewera kanthu kakang'ono, kakuda, kopserera, kooneka ngati belu. Ababa, n'kakang'ono zedi, m'khitchini mwa Amayi kangalowe. Sikalira. Kulibe injini, kulibe mapiko. Kanatsika phee, kakugwedezeka pang'onopang'ono, mphepo ikukakankhira chakum'mawa.

Ndinayang'anitsitsa pansi pake mpaka misozi. Kulibe matayala. Salumu wapambana, koma musam'patse zonse, chifukwa sichigwa ngati papaya. Chitangotsala pang'ono kugunda, pansi pake panalavula moto, phuu, kamodzi kokha, fumbi linakwera, ndipo fumbilo litachoka chinali chitagona chammbali, nsalu ija ikugwa pang'onopang'ono pambali pake. Ndinapezeka nditavula chipewa. Ndinati, "Chafika chamoyo." A Serik anafunsa chimene ndanena, ndinawamasulira, nawonso anavula chawo.

Anatsegula chitseko n'kutulutsa amuna atatu mmodzimmodzi, kuwakoka m'khwapa. Sayenda, Ababa. Amuna amphamvu, osankhidwa m'dziko lonse, miyendo imawakanika. Anawakhazika pamipando, kuwafunda mabulangete, n'kuwanyamula ndi mipando yomwe. Mmodzi ankangogwira dothi ndi dzanja n'kumalinunkhiza.

Ndiye a Serik anandiuza chinthu, sindikudziwa ngati n'choona, iwo akuti anamva kwa madalaivala anzawo. Akuti munthu akakhala kumwambako ndipo kwawo kwagwa maliro, samuuza. Amalankhula naye pa wailesi tsiku ndi tsiku, amamuuza kuti onse ali bwino, mpaka atatera. Ananena akuseka pang'ono, kuti, "Ndiye ukaona mkulu akuyandikira mpando wa mmodzi atavula chipewa, usayang'ane."

Ndinawabwezera magalasi awo. Sindinaonenso china.

Brígida,

Tsopano ndikulankhula ndi iwe, chifukwa ndikudziwa kuti ukuwerenga ndiwe.

Kalata ya Fevereiro ndinailandira tikunyamuka. Ndinaona chala chija, ndinakayika, koma ndinaipinda msanga n'kuiika pansi pa zinzake. Lachinayi titabwerera kukampu ndinayala makalata onse pabedi, kuyambira yoyamba. Chipsera cha Ababa chimapindika kunsonga. Cha Fevereiro n'choongoka ngati chojambula ndi rula, ndipo chalacho n'chachikulu kuposa chawo. Atatu a violeta aja ndi chala chawo ndithu, koma onse anadindidwa malo amodzi, mopendekera mofanana, pa mapepala a kope limodzi. Munthu sadinda choncho pa miyezi itatu yosiyana.

Ababa anamwalira liti? Anafa ndi chiyani? Anaikidwa kuti? Ndakhala ndikuseka ndi ndani chaka chonsechi?

Ntchito ya kuno itha mu Julho. Ndidikira yankho lako mpaka kutha kwa Agosto. Ndikapanda kumva zoona, ndipita ku Mosiko kukapempha kuti andibweze kwathu, diploma kaya ikhale. Ndikamva bodza lina ndidzadziwa.

Venâncio

Lichinga
14 de Junho de 1989

Achimwene,

Moni sindikudziwa kuti ndiupereke bwanji. Tili moyo, Amayi, Amalume ndi ine.

Ababa anamwalira Lachinayi pa 3 Março chaka chatha, m'chipatala, ataponda mina pobwera ku Chimbonila ndi thumba la mbatata. Anaikidwa kumanda a kumtunda, pafupi ndi mkungudza waukulu uja. Ndege zikamatsika zimadutsa pamwamba pawo. Munkaseka ndi ine.

Mapepala anadinda okha ali pabedi, anandilamula okha. Mapepala atatuwo atatha, ndinagwada pamaso pa Amalume masiku awiri kuti andibwereke chala. Ndinamanga ulusi wa makina pachala chawo kuti utuluke mzere woyera. Ndinayesa pa nyuzipepala kasanu. Za kupindika kunsonga sindinaganize, chifukwa makalata onse a chala chenicheni muli nawo ndinu, ine kuno ndinatsala ndi pepala limodzi lomata. Amalume atadinda anakasamba m'manja nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Mukwiye, n'koyenera. Koma musandifunse ngati kuti ine ndinkasangalala. Inu mwalira masiku makumi anayi. Ine ndalira chaka ndi miyezi itatu, ndipo pamwamba pake ndinkakhala pansi n'kumapeka nthabwala za munthu wakufa kuti inu mudye bwino ku Rusiya. Munandiseka kuti mawu anga akununkha choko. Ndinalira tsiku lonse, kenako ndinalemba za zitsime zotuluka fumbi, ndipo ndinadzida chifukwa zinamveka ngati iwo.

Kalata yanu ndinapita nayo kumanda Lamulungu, ine, Amayi ndi Salumu. Ndinawerenga mokweza mbali ya Ababa yonse, sindinasiye kanthu. Nditafika pa matayala Salumu anati, "Wamva, Cipriano? Ndinakuuza ine!" Anaseka, kenako anakhala pansi pa dothi, ndipo tinachita kumudzutsa.

Felisberto anabwera mu Abril. Anabwera ndi mwendo umodzi, ndipo salankhula. Amakhala pakhonde la a Rosário kuyang'ana msewu. Lamulo silinasinthe, mnyamata wosiya sukulu amathera komweko. Mwatsala ndi chaka chimodzi. Amayi akuti ndikuuzeni kuti mwamuna anaika kale, mwana sakufuna kuika.

Ndikudziwa kuti mawu anga simungawakhulupirirenso. N'chifukwa chake ndikuwalakwira Ababa lero. Pepala lachinayi anati ndidzakupatseni pa pista. Ndaliika muno. Mawu ake ndi awo, sindinakonzepo ngakhale limodzi. Yerekezani chalacho ndi zinzake.

Ndege yatha masiku khumi ndi awiri osabwera. Salumu akuti ikangotera apereka kalatayi m'manja mwa woyendetsa, osadzera ku koreyu. Ndikupemphera ikupezeni musananyamuke.

Mlongo wanu,
Brígida

M'chipatala, Lichinga
3 de Março de 1988

Venâncio,

Ndine bambo ako. Ngati ukuwerenga, ndiye kuti watera. Takulandira.

Usamukalipire Brígida, ndinamukakamiza ndine. Ukafuna wokalipira bwera kumanda, ndidzakhala ndilibe kothawira.

Ndinadzera njira yachidule, ine amene ndimaletsa mbuzi kudutsa pachidule. Useke, palibe kanthu.

Chipewa changa ndasiyira Salumu. Ndamuuza kuti ndege yako ikadzagunda pansi adzavule m'malo mwanga.

Chitsime choyamba ukumbe ku Chiuaula, amako asamapitenso kudambo ndi bondo lija.

Za matayala udzandiuzabe.

Ndatopa. Brígida, bweretsa ndidinde.

Cipriano

Tashikenti
27 de Agosto de 1989

Brígida mlongo wanga,

Kalata yako yafika dzana. Inandipeza nditamanga kale sutikesi, tikiti ya sitima ya ku Mosiko ili m'thumba.

Ndayerekeza. Chikupindika kunsonga.

Sutikesi ndamasula. Ndikhala mpaka Junho, ndimalize. Uwauze Amayi choncho, uwauze kawiri kuti amve bwino.

Pepa, Brígida. Ndinakulembera ngati wapolisi. Za zitsime zotuluka fumbi ndinaseka mpaka wa ku Etiyopiya anafunsa chimene chachitika, ndipo ndinamuuza kuti bambo anga abwerera mwakale. Unawadziwa kuposa ine.

Uwauze Amalume kuti ndameta. Ndinameta m'chipululu momwemo, m'mawa wake wa tsiku limene ndinakulembera, ndisanamve yankho lako. A Serik ndiwo anandimeta ndi lumo lawo, pambali pa galimoto. Sanafunse zambiri, anangofunsa dzina la Ababa, n'kulitchula m'pemphero la chipembedzo chawo. Tsitsilo ndinalikwirira pamenepo. Dzulo ndametanso, poti tsopano ndikudziwa tsiku.

Chaka chamawa ndikadzatsika makwerero, Salumu adzavule chipewacho monga anauzidwira. Iwe udzaime pafupi, udzandigwire mkono. Ndinaona mmene amuna aja miyendo inawakanikira, ndipo sindikudziwa ngati yanga idzandifikitsa pamkungudza paja.

Sindisaina. Inki ndili nayo, koma ndapempha violeta kwa namwino wa pasukulu. Chala changa chilibe chipsera, ungochizolowera, chifukwa makalata onse otsalawa adzabwera nacho. Nawenso uzidinda chako.

Venâncio